Chimbale Choyamba cha Gulu Lopanda Kampani: Zimene Zamrock Inasiya pa Tepi

Nkhani ya lero ikukhudza funso limene limasautsa aliyense wofuna kuweruza nyimbo mwachilungamo, kaya ndi mtolankhani wa mu Lusaka kapena womvera wailesi wa kwa Shikabeta m'boma la Rufunsa. Funsolo ndi lakuti nyimbo zoyamba zimene gulu loimba linajambula lisanapeze kampani yoliyang'anira ziyenera kuyesedwa ndi muyeso wotani. Gulu lopanda kampani ndi limene silinasainirane mgwirizano ndi kampani ya zimbale, kotero kuti ndalama ya situdiyo, ya tepi, yodindira zimbale ndi ya ulendo wokazigulitsa imachoka m'thumba mwa oimbawo, kapena mwa munthu mmodzi amene wawakhulupirira. Funsoli limavuta kwambiri pa nyimbo za heavy metal ndi za rock yolemera, chifukwa m'nyimbo zimenezi phokoso ndi mbali ya luso, ndipo womvera ayenera kusiyanitsa phokoso limene oimba analifuna ndi phokoso limene linalowa chifukwa cha kusowa kwa zipangizo.

Heavy metal ndi mtundu wa nyimbo umene unakhwima ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ambiri amaloza gulu la Black Sabbath la mumzinda wa Birmingham, limene linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1970, kuti ndilo linaumba maonekedwe ake. Msana wa nyimbo yotere ndi riff, kutanthauza kachigawo kafupi ka gitala kamene kamabwerezedwa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo besi ndi ng'oma zimakatsatira mwamphamvu. Kulira kwa gitalayo kumaphwanyidwa dala. Kale ankachita zimenezi pokweza ampulifaya mopitirira mlingo wake, kapena podutsitsa waya wa gitala m'kabokosi kotchedwa fuzz, kamene woimba amakaponda ndi phazi, ndipo kamadula nsonga za mafunde a mawu kuti atuluke okhakhala, onenepa ndi okhalitsa. Magulu a nyimbo zimenezi ali ndi mwambo wakale woyamba ndi demo, ndiko kuti nyimbo zochepa zojambulidwa motsika mtengo pofuna kuonetsa zimene gulu lingathe. Iron Maiden inajambula demo yake ku Cambridge mu Disembala 1978, n'kuitulutsa yokha mu 1979 pa dzina la The Soundhouse Tapes, ndipo Metallica inadziwika poyamba mu 1982 ndi kaseti yotchedwa No Life 'Til Leather, imene okonda nyimbo ankakoperana n'kumatumizirana pa positi.

Zambia ili ndi chitsanzo chakechake, ndipo n'chakale kuposa ziwiri zimenezi. Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino, m'matauni a ku Copperbelt munali malipiro a mwezi ndi mwezi, maholo a m'migodi ndi masitolo ogulitsa zimbale zakunja, ndipo achinyamata anamva Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple, Black Sabbath ndi James Brown. Pa zimene anamvazo anaumba nyimbo zimene zinatchedwa Zamrock, zophatikiza gitala ya fuzz ndi kagundidwe ka ng'oma za kwawo. Mayina a Musi-O-Tunya ndi Rikki Ililonga, Amanaz, The Peace, Blackfoot, WITCH ndi Ngozi Family ndi a nyengo imeneyo. Si onse amene ankaimba zolemera, ndipo kuwatcha onse oimba metal kungakhale kukokomeza, koma awiri mwa iwo akuyenera nkhani ino: WITCH chifukwa chimbale chake choyamba chinatuluka popanda kampani, ndi Ngozi Family chifukwa ndiyo inayandikira kwambiri kulemera kwa Black Sabbath.

WITCH, dzina limene zilembo zake zimaimira mawu achingerezi olonjeza kudzetsa chipwirikiti, inali gulu la ku Kitwe lotsogoleredwa ndi Emmanuel Chanda, amene anthu anamupatsa dzina lakuti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones. Chimbale chake choyamba, Introduction, cha m'ma 1972, chinajambulidwa ku Malachite Film Studios ku Chingola, situdiyo imene inakonzedwera ntchito ya mafilimu, ndipo popeza m'Zambia munalibe makina odindira zimbale pa nthawiyo, tepi inanyamulidwa kupita ku Nairobi, kumene kunadindidwa zimbale mazana ochepa zimene gululo linkagulitsa lokha pa zoimbaimba zake. Pambuyo pake Edward Khuzwayo, mwini Zambia Music Parlour ya ku Ndola, anayamba kutulutsa nyimbo za gululi, kotero kuti Introduction ilipo m'maonekedwe awiri, oyamba odzitulutsira okha ndi achiwiri a kampani.

Ubwino waukulu wa chimbale chimenechi ndi wakuti chimamveka ngati anthu amene akhala akuimbira limodzi usiku ndi usiku. M'masitudiyo ang'onoang'ono a nthawi imeneyo munalibe mwayi wojambula chida chilichonse pachokha n'kudzaphatikiza pambuyo, monga zimachitikira masiku ano. Oimba onse ankalowa m'chipinda chimodzi, injiniya n'kuyatsa tepi, ndipo wina akaphonya, onse ankabwerera pachiyambi, nthawi ikutha ndi ndalama ikutha. Njira yotere siibisa ulesi. Gulu limene silinayeserere mokwanira limagwidwa m'mphindi yoyamba, pamene gulu lozolowera kuimba maola ambiri m'maholo ndi m'mabala, pamaso pa anthu amene alipira pakhomo ndipo akufuna kuvina, limaoneka mphamvu zake zonse. Pa Introduction besi ndi ng'oma zimayenda pamodzi mosakayika, limba lamagetsi limadzaza mipata, ndipo nyimbo yoyamba, imene woimba amatchula anzake mmodzimmodzi kuti aliyense amveke ndi chida chake, ndi mwambo wa pasiteji umene unangosamutsidwira pa tepi. Kampani yaikulu ikanatha kuichotsa poiona ngati yopanda malonda, koma panalibe bwana woti akane.

Zofooka zake nazo n'zosabisika, ndipo ziyenera kugawidwa pawiri, pakuti apa ndi pamene oweruza ambiri amasokonezeka. Zoyamba ndi za chipinda ndi zipangizo. Maikolofoni akakhala ochepa, imene yaikidwa pakamwa pa woimba imatolanso kulira kwa ng'oma ndi kwa ampulifaya ya gitala, mwakuti palibe njira yokwezera chimodzi popanda kukweza chinzake. Zotsatira zake n'zakuti mbale zachitsulo za ng'oma zimasokosa, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi imamveka ngati wina akumenya katoni, ndipo mawu a woimba nthawi zina amamira. Pa chimbale cha pulasitiki palinso malire ena: mawu otsika a besi amafuna ngalande yotambalala kuti singano iyendemo bwino, ndipo wodula chimbale amene sakuwadziwa oimbawo, ali kudziko lina, amangowachepetsa kuti singano isadumphe. Zimenezi siziyenera kuwerengedwa pa mutu pa oimba. Zofooka zachiwiri ndi zawo, ndipo palibe situdiyo ikanazikonza. Mawu a nyimbo zambiri pa Introduction ndi Chingerezi chopepuka chobwereza nkhani za chikondi ndi chisangalalo, katchulidwe ka woimba kamatsamira kwambiri pa Jagger, ndipo nyimbo zingapo zimayenda pa njira imodzi, moti womvera akafika pakati pa chimbale amayamba kuzisokoneza. Gululi linali lisanadzipeze. Linadzapeza liwu lake pa Lazy Bones!! mu 1975, chimbale chojambulidwa ku dB Studios mu Lusaka, chimene gitala yake ndi yolimba mtima ndipo kamangidwe ka nyimbo n'kosiyanasiyana.

Mbali yolemera ya nkhaniyi ili ndi Paul Ngozi. Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, anabadwa mu 1949, anakulira m'komboni ya Chibolya mu Lusaka, ndipo anatchuka ndi kaimbidwe kake koopsa pasiteji, kuphatikizapo kuliza gitala ndi mano monga ankachitira Hendrix. Chimbale choyamba cha Ngozi Family, Day of Judgement, chinatuluka mu 1976 kudzera ku Zambia Music Parlour. Kunena mosamala, gululi silinali lopandiratu kampani, koma kampani yake inali ya m'dziko momwemo, ya ndalama zochepa, ndipo kajambulidwe kake kali ndi zizindikiro zonse za demo. Oimba ndi atatu okha, gitala, besi ndi ng'oma zimene ankaimba Chrissy Zebby Tembo, ndipo palibe chida china chobisa mipata. Gitala ya Ngozi ndi yophwanyika kwambiri kotero kuti pa riff zina nsambo sizimveka payokhapayokha, zimangotuluka ngati chinthu chimodzi cholemera, ndipo akayamba kuyenda yekha pamwamba, pansi pamatsala besi ndi ng'oma zokha, zowonda, ngati kuti nyimbo yagwa. Injiniya wa ku London akanajambula gitala yachiwiri kuti itseke dzenjelo. Apa dzenje linasiyidwa, ndipo pa nyimbo zina limathandiza, chifukwa riff ikabweranso imagwa ndi mphamvu yowirikiza, pamene pa zina limangoonetsa kuti nthawi ya situdiyo inali itatha.



Nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa Kumanda Kwa Bambo Wanga ikuonetsa chimene chimasiyanitsa Ngozi ndi ongokopera. Akamaimba m'Chingerezi, monga pa Hi Babe, mphamvu ilipo koma mawu ndi ochepa nzeru, ongokwanira kunyamula riff. Akatembenukira ku Chinyanja, chilankhulo cha m'makomboni a Lusaka, mawu ndi gitala zimayamba kumvana, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa chilankhulocho kumalamula kumene nyimbo ipite, ndipo nkhani zake zimakhala za maliro, za umphawi ndi za makhalidwe a anthu, zimene womvera wa ku Chibolya kapena wa ku Rufunsa amazidziwa ndi thupi lake. Black Sabbath inkaimba za mantha a nkhondo ndi za mdima wa mizimu, ndipo Ngozi sanafunike kubwereka mdima umenewo, popeza manda a bambo ndi nkhani yolemera kale kwa munthu wa kuno. Chimbale cha Tembo chotchedwa My Ancestors, chimene Ngozi anaimbamo gitala, chikutsimikiza mfundo yomweyi kuchokera kumbali ina: riff zake ndi zina mwa zolemera kwambiri za nyengoyo, koma liwu la Tembo ndi lopyapyala ndipo nthawi zina limatsetsereka pa mlingo wa nyimbo, chofooka chimene chimakhululukika pa nyimbo imodzi koma chimatopetsa pa chimbale chonse.

Pali chinthu china chimene oweruza a masiku ano, omvera nyimbozi pa zipangizo zodula, amaiwala, ndicho njira imene nyimbozi zinkafikira anthu. Pakati pa zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo lamuloli linatsegulira khomo magulu amene zimbale zawo zikanakanidwa chifukwa cha kajambulidwe. Kumadera akumidzi monga kwa Shikabeta, limodzi mwa madera a mafumu a Asoli m'boma la Rufunsa pamodzi ndi kwa Mpanshya ndi kwa Bunda Bunda, nyimbo za m'tauni zinkafika makamaka kudzera pa wailesi ya mabatire, ya sipika imodzi yaing'ono. Sipika yotere siitha kutulutsa mawu otsika a besi ngakhale atajambulidwa bwino chotani, koma imatulutsa bwino mawu apakati, mmene mumakhala liwu la munthu ndi gitala ya fuzz. Choncho chofooka chachikulu cha zimbalezi, kuwonda kwa pansi, sichinkamveka kwa omvera ambiri, pamene mphamvu yake yaikulu inkadutsa bwinobwino m'kulira kwa mphepo ya pa wailesi. Kuyesa Day of Judgement ndi muyeso wa chimbale cha Deep Purple, chojambulidwa ndi ndalama za kampani yaikulu, n'kuiwala kumene chinkapita.

Komabe pali kulakwitsa kwa mbali inayo, ndipo masiku ano ndiko kwafala. Kuyambira cha m'ma 2010 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yotsogoleredwa ndi Eothen Alapatt, inayamba kutulutsanso nyimbo za Zamrock: bokosi la zimbale za WITCH mu 2012, zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! mu 2017, ndi zimbale za Ngozi Family. Filimu ya Gio Arlotta yonena za WITCH inaoneka mu 2019. Ntchito imeneyi ndi yoyamikika, chifukwa inabweza nyimbo zimene ngakhale m'Zambia momwemo zinali zitasowa. Koma pakati pa ogula a ku Ulaya ndi ku America pamera chizolowezi chotamanda kukhakhala kulikonse ngati kuti kunali kofuna, ngati kuti gitala yosachunidwa bwino ndi ng'oma yosamveka ndi umboni wa mtima woona. Mbiri ya oimbawo imatsutsa zimenezi. Atangopeza ndalama anathamangira ku situdiyo yabwinopo: WITCH inapita ku dB Studios, ndipo Ngozi Family inakajambula 45,000 Volts ku Nairobi, chimbale cha mu 1977 chimene gitala yake ikadali yolusa koma ng'oma ndi besi zili ndi thupi. Anthu amenewa ankafuna kumveka bwino, ndipo kutamanda umphawi wa zipangizo zawo n'kuwachotsera ulemu umene anaugwirira ntchito. Kukhakhala kwa fuzz kunali chisankho cha Ngozi, ndipo n'koyenera kutamandidwa. Kusokosa kwa mbale za ng'oma kunali vuto la chipinda, ndipo n'koyenera kungopiriridwa.

Kusowa kampani kuli ndi mtengo winanso umene sumveka pa sipika. Zimbale mazana ochepa zimatha msanga, gulu silikhala ndi galimoto kapena masitolo ozifikitsa kutali, ndipo nthawi zambiri palibe pepala lonena kuti tepi yoyambirira ndi ya yani. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, anthu analeka kugula zimbale, malamulo oletsa kuyenda usiku pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia anapha zoimbaimba zausiku, disco ndi kalindula zinalanda malo ovinira, kenako matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Matepi ambiri a nyengoyo anatayika, kotero kuti nyimbo zina zimene zikumveka lero zinachita kukoperedwa pa zimbale zakale zokalika. Jagari anasiya siteji, anakhala mphunzitsi, kenako n'kumakumba miyala yamtengo wapatali, mpaka pamene WITCH inadzukanso ndi oimba atsopano n'kutulutsa Zango mu 2023. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga kachigawo ka Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya pa 45,000 Volts, n'kukaika m'nyimbo yake yotchedwa Noid, ndipo chimene anasankha chinali Chinyanja cha Ngozi.

Achinyamata amene angafune kuyambitsa gulu la nyimbo zolemera kwa Shikabeta lero angakumane ndi mavuto ena ofanana ndi akale, monga kutalika kwa ulendo wa ku Lusaka pa Great East Road, kudula kwa gitala yamagetsi ndi ampulifaya, ndi kufunika kwa magetsi odalirika kapena batire ya sola yoyeserera. Luso lodzipangira zida si lachilendo kumidzi ya m'Zambia ndi m'Malawi, kumene anyamata akhala akupanga mabanjo a zigubu ndi mababatoni kwa zaka zambiri, ndipo ku Botswana magulu ngati Wrust, Skinflint ndi Overthrust ya ku Ghanzi aonetsa kuti metal imamera ngakhale m'tauni yaing'ono ya m'chipululu. Chimene chasintha ndi kajambulidwe. Foni ya m'manja kapena kompyuta yaing'ono imatha kugwira ntchito imene inkafuna situdiyo ya ku Chingola ndi ulendo wa ku Nairobi, ndipo nyimbo ikhoza kufika kwa anthu pa WhatsApp tsiku lomwelo. Zofooka za chipinda zachepa, ngakhale kuti maikolofoni ya foni imatsamwa ikaikidwa pafupi ndi ng'oma, ndipo imafinya mawu onse kukhala phokoso limodzi lopanda kuya.

M'malo mwake mwabwera vuto limene a Jagari ndi a Ngozi sanalidziwe. Pa kompyuta ng'oma zimatha kulembedwa popanda woziimba, liwu lotsetsereka limawongoledwa ndi pulogalamu, ndipo riff yoimbidwa bwino kamodzi imakoperedwa kakhumi. Demo yotere imamveka yosalala kuposa Introduction, koma siyankha funso limene demo inayambira, lakuti kodi anthu awa amatha kuimbira limodzi. Woweruza nyimbo zoyamba za gulu latsopano ayenera tsono kumvetsera zinthu zimene makina sanazibise: ngati riff imakhala m'mutu nyimbo itatha, ngati woimba ng'oma amafulumira pang'ono nyimbo ikafika potentha monga amachitira munthu wamoyo, ngati nyimbo yachitatu ikusiyana ndi yoyamba, ndiponso ngati woimba akunena kanthu m'Chisoli, m'Chinyanja kapena m'chilankhulo china chimene amalota nacho, kapena akungotafuna Chingerezi chimene anamva pa YouTube. Pa mafunso amenewa Introduction imapambana awiri oyamba n'kugwa pa awiri otsiriza, pamene Day of Judgement imapambana onse anayi pa nyimbo zake za Chinyanja, ndipo pa za Chingerezi imatsala ndi gitala yokha.